Valavu inkalira koma madzi osatuluka: mmene tingasankhire valavu ya magetsi

Achinyamata angapo amene akuphunzira ntchito ya mapaipi ndi ya sola pano pamsasa akhala akundifunsa za kachipangizo kamene amakaona pa mapaipi ena otuluka m'thanki. Kali ndi thupi la mkuwa kapena la pulasitiki, ndipo pamwamba pake pamakhala kabokosi kakuda kotuluka mawaya. M'mashopu amakatcha solenoid valve. Ife pano tingoti valavu ya magetsi. Funso lawo limakhala limodzimodzi: "Yabwino ndi iti?" Ine ndimayankha ndi funso linzake: "Thanki yanu yakwera mamita angati?" Ena amayesa ndikuwazemba. Sindikuwazemba ayi. Funso limeneli ndinaliphunzira mowawa ku Mbamba Bay, m'dziko la Tanzania, ndipo amene analipira phunzirolo ndi amayi ena olima matimati omwe sanalakwe chilichonse.

Mbamba Bay ndi likulu la boma la Nyasa m'chigawo cha Ruvuma, boma lomwe linadulidwa kuchoka ku Mbinga m'chaka cha 2012. Tauniyi ili m'mphepete mwa nyanja imene ku Malawi amati Nyanja ya Malawi, ku Tanzania amati Nyasa, ndipo tsidya lake ndi Nkhata Bay. Munthu wochokera ku Songea amadutsa pa Mbinga, kenaka n'kutsetsereka mapiri a Amatengo mtunda wa makilomita pafupifupi 66 kuti akafike kunyanja. Anthu akumeneko ena amalankhula Chinyasa, chomwe ndi pachibale ndi Chichewa chathuchi, ena Chimpoto, ndipo onse amakumana pa Chiswahili. Kufupi ndi tauniyi kuli Lundo, komwe m'zaka za m'ma 1960 kunakhazikitsidwa anthu othawa nkhondo ochokera ku Mozambique, choncho moyo wa pamsasa si wachilendo kwa akuluakulu a m'deralo.

Chimene chili chofunika pa phunziro lathu ndi mmene dzikolo lakhalira. Midzi ili pa kamzere kochepa pakati pa nyanja ndi mapiri. Motero madzi a m'mapaipi akumeneko ndi a mitundu iwiri. Ena amachokera kumapiri, n'kumatsika okha ndi mphamvu yoti ukatsegula mpope ndowa imachita kugwedera. Ena amapopedwa m'nyanja kukathiridwa m'thanki ya pansanja, ndipo akamatuluka m'thankimo amayenda mwaulesi. Valavu yomwe ingagwire ntchito pa madzi oyambawo ikhoza kukana pa achiwiriwa, ngakhale paipi ndi yofanana.

Mkati mwa valavu muli chiyani

Kabokosi kakuda kaja timati koyilo. Mkati mwake muli waya wamkuwa wopyapyala wokulungidwa kambirimbiri. Magetsi akadutsa mu wayamo, koyilo imasanduka maginito, n'kukoka kachitsulo kamene kali pakati pake. Kachitsuloko kakakwera, kabowo kamene kanatsekedwa kamatseguka. Magetsi akazima, kasipuling'i kamabwezera kachitsulo pamalo pake, bowo n'kutsekekanso. Phokoso lakuti "tiki" limene mumamva ndi kachitsulo kameneka. Sungani mfundo iyi: kumva "tiki" kumangotanthauza kuti koyilo yakoka kachitsulo. Sikutanthauza kuti madzi adutsa.

Ubwino wa valavu yotere ndi wakuti safuna munthu woimirira pamenepo. Mukailumikiza ku taima, kawotchi koyatsa ndi kuzimitsa magetsi pa nthawi imene mwaika, madzi amatseguka ndi kutsekeka okha. Mukailumikiza ku kaswichi koyandama m'thanki, imatseka madzi thanki ikadzaza. Makina ochapira zovala, mipope yogulitsa madzi pa khadi, ndi minda yothirira mwadongosolo, zonsezi zimadalira kachipangizo kameneka.

Dimba la amayi aja

Gulu lina la amayi linali ndi dimba la matimati chapafupi ndi nyanja. Linatenga ngongole n'kugula pampu ya sola, thanki ya malita 5,000, ndi mapaipi odontheza madzi m'mizere. Thanki inali pa nsanja ya mamita 3, ndipo iyo yokha inali yotalika pafupifupi mamita 2. Vuto lawo linali nthawi. M'mawa ambiri mwa iwo amakhala ali kugombe, kuchingamira mabwato ndi kuyanika usipa, ndipo nthawi yabwino yothirira imakhala yomweyo. Anandipempha kuti ndiwaikire chinthu chotsegula madzi chokha m'bandakucha.

Ndinakwera basi kupita ku Songea. M'shopu ina ndinafunsa valavu ya inchi imodzi ya 12V, chifukwa paipi yotuluka m'thanki inali ya inchi imodzi ndipo batire inali ya 12V. Wogulitsa anandipatsa yonyezimira bwino, ya mkuwa, pa mtengo wosaboola m'thumba. Pa kachizindikiro kake panalembedwa manambala ang'onoang'ono akuti 0.5 – 10 bar. Ndinawaona. Ndinaganiza kuti nambala yofunika ndi 10, yoonetsa kuti valavu singaphulike. Ya 0.5 sindinaifunse n'komwe. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Ndinaimanga pansi pa nsanja masana dzuwa lili pamutu, pampu itadzaza thanki mpaka kukamwa. Mapaipi a m'munda ndinali ndisanalumikize. Nditayatsa magetsi, valavu inalira, madzi n'kutuluka. Amayi anaomba m'manja. Ndinalumikiza mapaipi, n'kuika taima kuti izitsegula 5 koloko m'mawa kwa ola limodzi, ndipo tsiku lotsatira ndinanyamuka kupita ku ntchito ina chakumpoto, cha ku Liuli.

Patapita masiku angapo mayi wapampando anandiimbira foni.

"Fundi," anatero, pakuti kumeneko mmisiri aliyense ndi fundi, "chinthu chanu chija chikumangolira basi. Madzi ayi."

"Amayi, mwaona ngati batire ili ndi moto?"

"Moto ulimo. Ndadzuka ndekha lero kukamvetsera. Chalira kuti tiki, ine chiimire, mizere gwa, youma."

Kwa masiku atatu oyamba palibe anazindikira, chifukwa onse ankakhulupirira kuti munda ukudzithirira. Pamene ankaona masamba akufota, maluwa oyamba anali atayamba kuyoyoka. Ndipo popeza ndinamanga valavu pa paipi yokhayo yotuluka m'thanki, osaika njira ina yapambali, iwo analibe mpata wotsegula madzi pamanja. Mpaka tsiku limene ndinabwerera, amayi amenewa ankatunga madzi kunyanja ndi ndowa pamutu, thanki ili ndi madzi pamwamba pawo.

Nambala yaing'ono ija

Mphamvu imene madzi amakankhira m'paipi amisiri timati pulesha, ndipo timaiyeza mu bar. Pa madzi ochokera m'thanki simufunika geji kuti muidziwe. Mufunika tepi yoyezera basi. Mamita 10 a kutalika, kuchokera pamwamba pa madzi a m'thanki kutsika mpaka pamene pali valavu, amapereka pafupifupi 1 bar. Mita imodzi imapereka 0.1 bar. Kukula kwa thanki kulibe nazo kanthu: thanki ya malita 10,000 ndi mgolo wa malita 200, madzi ake akalekeza pa msinkhu umodzi, pulesha yake ndi yofanana.

Tsono werengani nane. Tsiku limene ndinayesa valavu ija, thanki inali yodzaza: mamita 3 a nsanja kuphatikiza 2 a thanki, pamodzi 5, kutanthauza 0.5 bar. Ndinali ndendende pamalire. Koma pampu ya sola sipopa usiku, ndipo madzulo amayi ankatungako madzi othirira nazale ndi otsukira ziwiya. Pofika m'bandakucha thanki inkakhala ili pakati. Pamenepo pulesha inali 0.4 bar, mwina kucheperapo. Valavu inkafuna 0.5.

N'chifukwa chiyani valavu ingafune pulesha kuti itseguke? Apa ndi pamene pagona phunziro lonse, choncho tiyende pang'onopang'ono.

Mavalavu a magetsi ali m'magulu atatu. Loyamba amalemba kuti direct acting. Mu gulu limeneli kachitsulo kaja ndi kamene kamatseka bowo lenileni lodutsa madzi. Koyilo ikakoka, njira yatseguka, kaya madzi ali ndi mphamvu kaya alibe. Koma koyilo ndi yaing'ono, singathe kukoka chotsekera chachikulu chimene madzi akuchikanikiza, ndiye bowo lake limakhala laling'ono, nthawi zambiri mamilimita ochepa chabe. Valavu yotere ndi yabwino pa ntchito ya madzi ochepa, monga kudzaza chidebe cha nkhuku kapena posamba m'manja.

Gulu lachiwiri amalemba kuti pilot operated, ena amati servo assisted kapena indirect. Iyi ndi imene ndinagula, ndipo ndi imene yadzaza m'mashopu chifukwa ndi yotchipa poyerekeza ndi kukula kwake. Mkati mwake muli labala lozungulira, lopyapyala ngati chikopa cha ng'oma, lomwe limakhala pa bowo lalikulu. Pa chikopacho pali kabowo kakang'ono ngati koboola ndi singano. Madzi amadutsa pa kabowoka n'kudzaza kachipinda ka pamwamba pa chikopa, ndipo kulemera kwa pulesha ya pamwambapo ndi kumene kumakanikiza chikopa kuti chitseke. Koyilo ikakoka kachitsulo, sitsegula bowo lalikulu ayi. Imangotsegula kanjira kena kakang'ono kotulutsa madzi a m'kachipinda kaja. Pulesha ya pamwamba ikatsika, madzi a pansi amanyamula chikopa okha, njira yaikulu n'kutseguka. Ndiye kuti koyilo imangopereka chilolezo, ntchito yeniyeni amagwira ndi madzi. Madzi akakhala ofooka, chikopa sichinyamuka, kapena chimanyamuka pang'ono chabe. Nthawi zina chimakananso kutsekeka bwino, madzi n'kumadontha usiku wonse.

Dziwaninso kuti nambala yaing'onoyo sikutanthauza pulesha yolowa yokha. Ndi kusiyana kwa pulesha yolowa ndi yotuluka. Pamene ndinkayesa, kutsogolo kwa valavu kunali pululu, madzi akungogwera pansi. Nditalumikiza mapaipi odontheza, omwe timabowo take ndi tating'ono, madzi anayamba kukankhanso kuchokera kutsogolo, kusiyana kuja n'kucheperachepera.

Gulu lachitatu ndi lophatikiza. Amalemba kuti assisted lift, semi-direct kapena zero differential. Lili ndi chikopa ngati lachiwiri, koma kachitsulo kanalumikizidwa ku chikopacho, moti koyilo imachinyamula ngakhale madzi alibe mphamvu. Pa chizindikiro chake manambala amayambira pa 0, mwachitsanzo 0 – 10 bar. Imadula kuposa inzake, ndipo koyilo yake imadya moto wochulukirapo. Koma pa thanki ya pansanja, ngati zimene zili pa masukulu, pa zipatala zazing'ono ndi m'madimba athu, iyi ndi imene muyenera kufunsa. Ine lamulo langa ndi ili: thanki ikakhala pansi pa mamita 10, valavu imene nambala yake yoyamba si 0 sindiigula, wogulitsa anene zotani.

Nambala yaikulu nayonso ili ndi ntchito yake. M'midzi imene madzi amachokera kumapiri, kasupe akakhala mamita 70 pamwamba pa mudzi, pulesha imafika 7 bar madzi akaima m'paipi. Valavu ya direct acting imene malire ake ndi ochepera apo imakana kutseguka, chifukwa madzi amakanikiza kachitsulo mwamphamvu kuposa mmene koyilo ingakokere. Kumeneko ya pilot operated ndiye kwawo.

Kukula kwa valavu

Ambiri timasankha valavu poyang'ana paipi: paipi ya hafu inchi, valavu ya hafu inchi. Izi zimathandiza kuti mazinga agwirizane pomanga, koma sizikuuzani kuchuluka kwa madzi amene adutse. Mavalavu awiri okhala ndi pakamwa pa hafu inchi, imodzi ikhoza kukhala ndi bowo la mamilimita 3 mkati, inzake la mamilimita 13.

Nambala yokuuzani zoona ndi imene amalemba kuti Kv. Imatanthauza kuchuluka kwa madzi odutsa pa ola limodzi, powerengera m'malita 1,000, pamene kusiyana kwa pulesha kuli 1 bar. Valavu ya Kv 4 imadutsitsa malita 4,000 pa ola pa 1 bar. Koma thanki yathu ilibe 1 bar. Pulesha ikatsika kanayi, madzi amatsika kawiri. Ndiye pa 0.25 bar valavu yomweyo ipereka malita 2,000 pa ola, kutanthauza kuti chigubu cha malita 20 chidzaza m'masekondi 36. Tsono tengani ka direct acting ka Kv 0.25. Pa pulesha yomweyo kapereka malita 125 pa ola. Chigubu chomwe chija chitenga pafupifupi mphindi 10. Amene munaimapo pamzere wa pampope mukudziwa tanthauzo la mphindi 10 pa chigubu chimodzi.

Pa dimba lija tinkafuna malita pafupifupi 1,500 pa ola limodzi la m'mawa, ndipo sindinkafuna kuti valavu idye zoposa 0.1 bar, chifukwa pulesha yotsalayo inkafunika kuti madzi akafike kumapeto kwa mizere. Pa 0.1 bar valavu imapereka pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a Kv yake. Choncho ndinkafunika Kv ya 5 kapena kuposerapo. Wogulitsa akakhala kuti sadziwa Kv, yang'anani kukula kwa bowo la mkati, komwe amalemba kuti orifice, ndipo pa madzi a m'thanki sankhani imene bowo lake likuyandikira kukula kwa paipi.

Mchenga

Nditafika pa dimba paja ndinatsegula valavu kuti ndione mkati, ndipo ndinapezanso mlandu wachiwiri umene ukanandipeza ngakhale pulesha ikanakhala yokwana. Pa chikopa panali timchenga. M'miyezi yozizira mphepo ya mwera ikamaomba, mafunde amavundula pansi pa nyanja, ndipo pampu imene pakamwa pake pali pafupi ndi gombe imameza mchenga ndi tizinyalala. Kabowo ka singano kaja kakatsekeka ndi kamchenga kamodzi, kachipinda ka pamwamba sikadzaza, valavu n'kukana kutseka. Thanki yonse ikhoza kuthera pansi usiku umodzi. Kanjira kotulutsira kakatsekeka, valavu imakana kutsegula.

Madzi a m'chitsime, a mumtsinje ngakhale a pamjigo watsopano amakhalanso ndi mchenga. Mankhwala ake ndi sefa yomangidwa kumbuyo kwa valavu, kumene madzi akuchokera, ndipo ikhale yoti munthu angathe kuimasula n'kuitsuka popanda kudula paipi. Sefa yosatsukidwa nayo imadya pulesha, ndiye pafunika munthu wodziwika amene ntchitoyi ndi yake. Paipi yotuluka m'thanki isakhale pansi penipeni pamene matope amadikha. Mukamanga mapaipi atsopano, yambani mwatulutsa madzi kwa kanthawi musanaike valavu, kuti tizidutswa ta pulasitiki ndi ta tepi tichoke.

Ndinene poyera: pa madzi akuda kwambiri, valavu ya koyilo si yanzeru. Pali ina imene mkati mwake muli kampira koboola pakati, kotembenuzidwa ndi kamota, yomwe amalemba kuti motorised ball valve. Sifuna pulesha, njira yake ndi yotakasuka, ndipo mchenga suivuta kwambiri. Imatsekanso pang'onopang'ono, moti mapaipi sagunda. Kuipa kwake n'kwakuti mitundu yambiri, magetsi akatha, imangoima pamene inali. Ikakhala yotsegula, imakhala yotsegula mpaka thanki iume, pokhapokha mutagula mtundu wobwerera wokha.

Magetsi

Pa koyilo iliyonse amalemba mphamvu ya magetsi imene imafuna. Zofala ndi 12V DC, 24V DC, 24V AC ndi 230V AC. DC ndi magetsi a batire ndi sola. AC ndi a pa mzere wa boma, omwe ku Tanzania ndi ku Malawi ndi 230V, kapena otuluka mu jenereta ndi mu invata. Koyilo ya 230V mukaipatsa 12V imangokhala chete. Ya 12V mukaipatsa 230V imapsa nthawi yomweyo. Mavalavu ambiri a pulasitiki othirira minda ndi a 24V AC, ndipo anthu amapusitsika nawo poganiza kuti mabatire awiri akwana.

Pamalo pamene pamasewera ana ndipo pansi pamanyowa, ine ndimasankha 12V kapena 24V. Magetsi a 230V ndi madzi zikakumana zimapha. Ngati palibe kuchitira mwina, ntchitoyo aigwire mmisiri wa magetsi wodziwa, ndipo waya wa earth alumikizidwe. Yang'ananinso chizindikiro cha IP65, chosonyeza kuti koyilo yatetezedwa ku fumbi ndi madzi owaza. Izi sizikutanthauza kuti ingakhale yomira m'dzenje lodzaza madzi a mvula.

Werengerani moto umene koyilo idye. Valavu yachiwiri imene ndinagula inalembedwa 18W. Pa 12V ndiye kuti imakoka 1.5A. Kwa ola limodzi patsiku si kanthu. Koma mukati iziyaka maola 12, yadya 18Ah, ndipo kabatire kakang'ono ka sola yapanyumba sikangapirire masiku a mitambo. Waya wautali ndi wopyapyala nawo umataya mphamvu panjira, moti batire ikhoza kuonetsa 12V koma ku koyilo n'kufika zosakwana. Yezani pa koyilo penipeni, ili chiyakire. Koyilo yoyaka nthawi yaitali imatentha, ndipo zimenezi si matenda, bola ikhale yolembedwa kuti 100% ED, kutanthauza kuti inapangidwa kuti iziyaka osapuma. Chenjezo lina limene ambiri salidziwa: koyilo ya AC musaiyatse mutaizula pa valavu. Popanda chitsulo pakati pake imakoka moto wambiri n'kupsa.

Ilipo mitundu ina yotchedwa latching, imene imangofuna moto kwa kanthawi kochepa potsegula ndi potseka, moti mabatire ang'onoang'ono amaikwanira miyezi. Imafuna taima yakeyake, ndipo yambiri mkati mwake ndi ya pilot operated, ndiye nambala yaing'ono ija muiwerengebe.

Magetsi akazima, madzi atani?

Dzifunseni funso ili musanagule. Valavu yolembedwa NC imakhala yotseka pamene kulibe magetsi. Yolembedwa NO imakhala yotsegula pamene kulibe magetsi. Pa thanki ya madzi osungidwa, NC ndi imene imateteza madzi anu batire ikafa. Pamalo pamene kusowa kwa madzi n'koopsa kuposa kutayika kwake, monga paipi yoziziritsa injini, NO ndi yoyenera. Ganiziraninso nthawi: ngati madzi ayenera kuyenda maola 22 patsiku n'kutsekeka awiri okha, valavu ya NC idzakhala ikudya moto maola 22.

Zimene zidutse mkati

Labala la mkati limasiyana. La NBR limagwirizana ndi madzi ozizira, mpweya, oilo ndi dizilo, koma silipirira madzi otentha kwambiri. La EPDM ndi labwino pa madzi otentha ndi pa madzi akumwa othira kolorini, koma likakumana ndi dizilo, petulo kapena oilo limafufuma n'kuwonongeka. La FKM, lomwe ambiri amalidziwa ndi dzina la Viton, ndi la mafuta a galimoto ndi mankhwala ena, ndipo limadula. Ndinaonapo munthu atachotsa valavu pa thanki ya madzi n'kukaiika pa dizilo wa chigayo. Pasanathe mwezi labala linali litafufuma ngati mtanda wa mandasi.

Thupi la mkuwa ndi lokwana pa madzi wamba. Pa kolorini wosungunula wamphamvu, amene amathiridwa pang'onopang'ono m'thanki, mkuwa umadyeka, ndiye pamafunika pulasitiki yopangidwira ntchitoyo. Ya pulasitiki ikakhala padzuwa zaka imauma n'kusweka, choncho muziifunditsa. Ndipo valavu ya madzi musaiike pa gasi wophikira ngakhale tsiku limodzi.

Pomanga

Pa thupi la valavu pali muvi wosonyeza kolowera madzi. Mukaitembenuza sitseka. Koyilo iloze kumwamba, kuti zinyalala zisamadikhe mmene mumayenda kachitsulo. Tepi ya pa mazinga isalendewere mkati. Pomanga gwirani thupi ndi sipanala, osati kupotokola koyilo. Ikani valavu yapamanja kumbuyo kwake kuti muzitha kutseka madzi pokonza, ndiponso njira yapambali yokhala ndi valavu ina yapamanja, kuti chipangizo chikafa anthu athe kutsegula okha. Njira imeneyi ikanakhalapo pa dimba paja, amayi aja sakanasenza ndowa ndi tsiku limodzi lomwe.

Pa mapaipi aatali a pulesha yambiri, valavu ikatseka mwadzidzidzi madzi amagunda m'paipi ngati nyundo, ndipo polumikizira pamatha kuphulika. Mukamva kugunda kotere, funani valavu yotseka pang'onopang'ono kapena chepetsani pulesha.

Zonsezi ndi za ntchito zanu: dimba, khola, bizinesi, kapena ganyu amene mwapeza kunja. Mapaipi ndi mathanki a anthu onse pano pamsasa musawagwire nokha. Mukaona valavu ikudontha kapena ikulira popanda madzi, dziwitsani komiti ya madzi ya m'dera lanu, ndipo muwauze zimene mwamva ndi kuona, nthawi yake, ndiponso ngati thanki inali yodzaza kapena ayi. Mawu amenewo amafupikitsa ntchito ya wokonza.

Musanapite kushopu lembani papepala: kutalika kwa madzi thanki itatsala pang'ono kutha, malita amene mukufuna pa ola, kukula kwa paipi, mtundu wa magetsi, chimene chidutse mkati, ndi chimene mukufuna chichitike magetsi akazima. Wogulitsa wabwino akaona pepala lotere amakulemekezani. Wosadziwa amayamba kukuuzani kuti zonse n'chimodzimodzi.

Ine ndinabwereranso ku Songea, ulendo uno ndi ndalama za m'thumba langa. Ya 0 bar panalibe, anachita kuiitanitsa ku Dar es Salaam, ndipo tinadikira sabata ina. M'masiku amenewo ndinamanga njira yapambali ndi sefa, amayi n'kumasinthana kutsegula pamanja. Valavu itafika ndinaimanga masana, thanki ili yodzaza, ndipo nditafuna kuyesa mayi wapampando anandigwira mkono.

"Ayi fundi, masana ano musatinamize nawonso. Mugona konkuno. Tiyesa mawa 5 koloko."

Madzulo anatuma atsikana kuti atunge mpaka thanki itsale ndi madzi ofika m'mawondo. M'bandakucha tinaima pansi pa nsanja ndi tochi, nyali za asodzi zikuonekabe patali panyanja. Valavu inalira. Mayi aja sanayang'ane valavu ayi. Anayenda mpaka kumapeto kwa mzere womaliza, n'kugwada, n'kuika chala pansi pa paipi. Anakhala pamenepo kanthawi ndithu asanadzuke.

Matimati oyamba anatayika, ndipo gululo linachedwa kubweza gawo la ngongole ya mwezi umenewo. Valavu yoyamba ija sindinaitaye. Patapita miyezi ndinakaimanga pa thanki ya sukulu ina ya m'munsi mwa phiri, pa paipi yolowa, pomwe geji inkaonetsa 4 bar. Pamene ndinkachoka ku Mbamba Bay inali ikugwirabe ntchito.